Anzanga a ku MBA akufunsa zomwe ndikuchita pano, ndiwauze chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene anachita maphunziro a MBA (digiri yapamwamba ya kayendetsedwe ka bizinesi) ku Britain zaka khumi zapitazo. Mlembi wa kalasi yawo wapempha aliyense kuti alembe mwachidule za ntchito ndi banja lake, zoti zituluke m'kalata ya ophunzira akale. Mayiwa anati: "Chaka chatha ndinawerenga za anzanga. Wina ndi bwana wamkulu ku Dubai, wina wakwezedwa ku London. Ine ndinasiya ntchito kubanki mwana wachiwiri atabadwa, pano ndimagula soya ndi mtedza kwa alimi ku Mchinji. Ndilembe, kapena ndingokhala chete?"

Achemwali, lembani ndithu.

Poyamba mudziwe mmene makalata amenewa amapangidwira. Mwambowu ndi wamphamvu kwambiri ku America. Ku Harvard Business School, sukulu imene inatsegulidwa mu 1908, ophunzira a chaka choyamba amagawidwa m'magulu a anthu pafupifupi 90, ndipo akamaliza, gulu lililonse limakhala ndi munthu wotolera nkhani za anzake. Amakumananso pasukulupo zaka zisanu zilizonse. Sukulu zimalimbikira zimenezi pa chifukwa chodziwikiratu: wophunzira wakale amene sanaiwale kalasi yake ndi amene amapereka ndalama sukulu ikapempha.

Nanga amene amayankha mlembi ndi ndani? Ndi uja wakwezedwa mwezi watha, ndi uja wangochititsa ukwati. Amene amuchotsa ntchito, amene banja latha, amene bizinesi yagwa, amangoti zii. Choncho inu mwawerenga za anthu ochepa atavala zovala za pa Khirisimasi, n'kudziyerekeza nawo muli m'chitenje chogwirira ntchito. Werengani maina amene anatuluka chaka chatha, muchotsere pa chiwerengero cha kalasi yonse. Otsalawo ndi anzanu okhala chete, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri akudzifunsa funso lanu lomweli.

Tsono za soyazo. Sindikumvetsa chifukwa chake mukuzichitira manyazi. Mwayendetsa bizinesi m'dziko limene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Mukudziwa kukambirana mtengo ndi mlimi amene mavenda amuzungulira kale ndi masikelo awo, mukudziwa kusunga matumba kuti mtedza usachite chuku, mukudziwa zomwe zimachitika dizilo akasowa lole ili yodzaza. M'kalasi munkawerenga nkhani za makampani zolembedwa pa pepala, aphunzitsi n'kumakufunsani kuti mukanakhala inu mukanatani. Pano mukuyankha funso limenelo ndi ndalama za m'thumba mwanu. Mnzanu wa ku Dubai uja mwina sanalipirepo wantchito ndi ndalama zake.

Komanso pali phindu lenileni. Mwa anzanuwo angakhalepo wina wogwira ntchito ku kampani yogula mbewu, kapena kubanki yobwereketsa ndalama za ulimi mu Africa. Ameneyo sangakuimbireni ngati akuganiza kuti mudakali kubanki ku Blantyre.

Chimodzi chokha ndikupempheni: musadzipatse udindo wautali ngati sitima. Ndaonapo anthu akulemba kuti ndi akuluakulu a gulu la makampani, pamene gululo ndi iwo, mlamu wawo ndi galimoto imodzi. Anzanu anaphunzira kuwerenga mabuku a ndalama, adzazindikira msanga. Nenani zomwe mumagula, kumene mumagula, alimi angati mumagwira nawo ntchito, ndi chomwe mukufuna kuchita chaka chamawa. Kupempha ndalama kudikire kaye, muzidzakambirana awiriwiri ndi amene wakuyankhani.

Za banja, ziganizo ziwiri zakwana. Nenani kuti muli ndi ana awiri komanso kuti munasiya ntchito kuti muwalere, popanda kupepesa. Maina a ana ndi sukulu yawo asiyeni, chifukwa makalata ambiri masiku ano amaikidwa pa intaneti. Ngati mukufuna kutchula bambo a kunyumba kapena kuika chithunzi chawo, ayambe avomera eni ake.

Mlembiyo ayenera kuti wapereka tsiku lomaliza. Tumizani lisanakwane, ndipo muikepo nambala yanu ya WhatsApp yoyamba ndi +265, chifukwa ya ku Britain ija anzanu ena adakaisungabe m'mafoni mwawo.