Nkhokwe ya amasiye yagawanitsa akulu ampingo ku Ulongué

Mtumiki wa mpingo wina ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique, wandilembera imelo. Akuti anaganiza zomanga nkhokwe ya chimanga choti azithandizira amasiye njala ikafika mu Febuluwale, koma akulu ampingo ena akana, ati imeneyo ndi ntchito ya mabungwe, mpingo uzingolalikira. Akufunsa ngati akuluwo akulakwa.

Bambo, mantha a akuluwo ali ndi pochokera. Taionapo mipingo imene inayamba ndi kugawa feteleza, mapeto ake ulaliki n'kusanduka zolengeza za komiti. Yesu yemwe anauza khamu lija pa Yohane 6:26 kuti likumufuna chifukwa linadya mkate n'kukhuta.

Komabe ine ndikuti nkhokweyo mangani. Tsegulani Machitidwe 6. Amasiye atayamba kuiwalidwa pogawa chakudya, atumwi sananene kuti zakudya si zauzimu. Sanasiyenso pemphero ndi Mawu. Anauza mpingo usankhe amuna asanu ndi awiri odzala ndi Mzimu ndi nzeru, n'kuwasanjika manja. Mmodzi wa iwo ndi Stefano, yemwe ulaliki wake wadzaza mutu 7 pafupifupi wonse. Munthu wogawa chakudyayo ankadziwa Malemba kuyambira kwa Abrahamu! Udindo wanu wa utumiki ndi womwewo, ndipo zimandipweteka kuona atumiki ambiri kuno ku Angónia akungowerengera chopereka basi.

Mkanganowu si wa kwanu kokha. Mu 1974 atsogoleri a chievanjeliko ochokera m'maiko pafupifupi 150 anakumana mumzinda wa Lausanne ku Switzerland ataitanidwa ndi mlaliki wa ku America Billy Graham. Pangano la msonkhanowo, limene mbusa wa ku England John Stott anatsogolera polilemba, linavomera kuti kuthandiza anthu si kulalikira, koma zonse ziwiri ndi udindo wa Mkhristu, kulalikira kukhala patsogolo.

Chimene ndikuopa ine n'china: chimanga chisakhale nyambo. Gogo wa Katolika kapena amene amwene wake ali kudambwe alandire ndowa yofanana ndi ya mayi wa mumpingo mwanu, osamufunsa ngati alowa kalasi. Namondwe Ana atadula mlatho wa pamtsinje wa Revúbuè ku Tete mu Januwale 2022, madzi sanasankhe mpingo.

Phunziro la Baibulo la pakati pa sabata musalikhudze, za nkhokwe muzikambirana tsiku lina. Pitani kwa abusa mwaulemu, muwapemphe aphunzitse Machitidwe 6 ndi Yakobo 2:14-17 masika asanafike, ndipo kiyi wa nkhokwe asunge mmodzi wa akulu amene akukanawo.