Khirisimasi ya m'nyengo yozizira mwana akudwala: yankho kwa achemwali a ku Leicester

Achemwali, ndawerenga funso lanu bwinobwino. Mwati iyi ndi Khirisimasi yanu yoyamba kuno ku England, mwana wamkulu wa zaka zitatu wabwera ndi chifuwa kuchokera kusukulu ya mkaka, wakhanda wa miyezi isanu ndi iwiri naye wayamba mamina, pomwe achibale akukudikirani kuphwando ku Manchester pa 25. Mukufunsa ngati mupite, komanso muchite chiyani kuti ana asaphonye chisangalalo. Ineyo ndikuti ngati thupi la mmodzi mwa anawo likhale likutenthabe pa 24, khalani pakhomo, ndipo musadziimbe mlandu. Amene akukwiyireni chifukwa chosamala mwana adzaiwala Januwale asanathe.

Choyamba mtima ukhale pansi. Disembala wa kuno ndi mwezi wa chimfine. Dzuwa likumalowa 4 koloko isanakwane, mawindo ndi otseka, ana amathinana m'chipinda chimodzi tsiku lonse n'kumapatsirana. Mwana amene wangoyamba kumene kusukulu ya mkaka amatola chilichonse. Sikuti mwalephera kumufunditsa ayi.

Maso anu akhale kwambiri pa wakhandayo. Nyengo ino kumavuta matenda a m'chifuwa otchedwa bronchiolitis, omwe kawirikawiri amayamba ndi kachilombo ka RSV ndipo amakonda ana osakwana zaka ziwiri. Amayamba ngati chimfine wamba, koma amafika pachimake pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu. Ndiye werengani masikuwo kuchokera pamene mamina anayamba, mwina mupeza kuti tsiku lovutalo likugwera pa Khirisimasi penipeni, inu muli mumsewu wa M6. Muvuleni kamalaya muone pachifuwa akamapuma. Khungu likamalowa pansi pa nthiti, akamabuula popuma, akamadukiza kupuma, kapena akalefukiratu osadzuka, imbani 999, nambala yoitanira ambulansi, nthawi yomweyo. Akamayamwa zosakwana theka la mmene amayamwira, thewera likakhala louma maola 12, kapena liwombo likalowa, imbani 111, nambala yofunsira uphungu wa zaumoyo. Nambala imeneyi ndi yaulere, imayankhidwa usana ndi usiku ngakhale pa Khirisimasi, ndipo mutha kupempha womasulira ngati Chingerezi chawo chikukuthamangirani. Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi makanda osakwana miyezi itatu: kutentha kwa thupi kukangofika madigiri 38, musadikire kuti kuche.

Pali china chimene timapepala tambiri ta kuno sititifotokozera bwino ife a khungu lakuda. Amalemba kuti mwana akasanduka wobiriwira kapena wotuwa, koma pa ana athu zimenezo sizioneka msanga pamasaya. Yang'anani milomo, lilime, nkhama, m'kati mwa zikope, zikhatho ndi kuphazi. Chimodzimodzi timadontho ta pakhungu. Mukationa, kanikizanipo tambula yagalasi. Tikapanda kuzimiririka pansi pa galasilo, imeneyo ndi ya 999, chifukwa atha kukhala matenda oumitsa khosi. Ndipo ngati wina m'nyumbamo wapitako kumudzi m'miyezi 12 yapitayi, nenani nokha kwa dokotala kuti munali ku Malawi ndipo mukufuna ayezedwe malungo. Madokotala a kuno sawaona malungo kawirikawiri, ndiye mawu amenewo ayambire pakamwa panu.

Za mankhwala, gulani lero, osati pa 24 madzulo. Pa 25 masitolo akuluakulu amatseka, sitima siziyenda, mabasi ndi osowa, kwa GP (dokotala wa kudera kwanu) n'kotseka mpaka pa 26 pomwe, ndipo mafamase otsegula ndi owerengeka, maola ochepa. M'nyumba mukhale Calpol, amene ndi panado wamadzi wa ana, kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, timadontho ta madzi amchere totsegulira mphuno, ndi Dioralyte, yemwe ndi mnzake wa Thanzi ORS wa kwathu uja. Calpol asapitirire kanayi pa maola 24, ndipo pazidutsa maola anayi kapena kuposerapo. Muzilemba nthawi pakapepala n'kumata pafiriji, chifukwa usiku munthu uli ndi tulo, bambo ake apereka, inunso mupereka. Ibuprofen musamupatse mwana amene ali ndi katsabola kapena amene watha madzi m'thupi, ndipo ngati ali ndi mphumu funsani kaye. Aspirin ayi kwa aliyense wosakwana zaka 16. Mankhwala a chifuwa ogula m'sitolo sapatsa ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi. Wamkuluyo atha kumwa madzi ofunda a uchi ndi ndimu, koma wakhanda asalawe uchi mpaka atakwanitsa chaka.

Ndikudziwa kuti agogo ake pafoni anena kuti mumupukute ndi kansalu konyowa, ena ati mumufunditse mabulangete kuti atuluke thukuta. A NHS, bungwe la boma loona za umoyo kuno, amaletsa zonse ziwiri. Muvekeni zopepuka, azimwa pafupipafupi, wakhanda aziyamwa pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Ife obwera kumene timakonda kutsegula hita mpaka nyumba kuchita kuwotcha, pomwe chipinda chogona khanda chimafunika madigiri 16 mpaka 20 basi, ndipo asagone ndi chipewa m'nyumba. Ayankheni agogo mwaulemu kuti mwamva, kenako chitani zoyenera.

Ngati ndi zotsegula m'mimba ndi kusanza, apo palibenso zokambirana. Kachilombo ka norovirus, komwe kamayambitsa zimenezi, kamafala kwambiri nyengo yozizira, ndipo lamulo lake ndi maola 48 chisiyireni kusanza kapena kutsegula musanasakanikirane ndi anthu. Kuphwando kuja kukakhala amayi oyembekezera, makanda a anzanu, ndi achikulire odwala shuga. Ambiri mwa anthu athu amagwira ntchito yosamalira okalamba, akatenga matendawo aphonya mashifiti ndi malipiro omwe. Kukhala pakhomo n'kuwakonda anthu amenewo.

Tsopano za chisangalalocho, chifukwa ndamva m'mawu anu kuti chikukupwetekani ndi chimenechi. Mwasowa kwanu. Mwasowa mvula ya Disembala, mango, mpunga wa nkhuku, Fanta, ana atavala zatsopano akuyendayenda m'mudzi kuti awonedwe. Phwando la ku Manchester lija mumaliona ngati kachidutswa ka kwathu, ndipo kuliphonya kukuwawa. Zimenezo n'zomveka. Koma mwana wa zaka zitatu sakudziwa kuti pali phwando lina kwinakwake. Chimene akudziwa n'chakuti amayi ali pafupi ndipo m'nyumba mukuwala timagetsi.

Kwathu kuno chaka chimene ana anadwala limodzi tinayala matiresi pabalaza pafupi ndi kamtengo ka Khirisimasi, tonse n'kugona pomwepo. Wamkulu ankadula nyenyezi za mapepala, akatopa n'kugona, akadzuka n'kupitiriza. Mphatso tinkatsegula imodziimodzi mphamvu zikabwerera, osati zonse m'mawa. Mpunga ndi nkhuku ndinaphika ndithu, iye anangodya masipuni awiri ndi msuzi, koma malaya ake atsopano anavala, pamwamba pa zogonera. Inunso muvekeni zatsopanozo ngakhale sakutuluka, mumujambule, mutumize kwa agogo. Poimba foni ya vidiyo kumbukirani kuti kumudzi ali patsogolo ndi maola awiri nyengo ino, ndiye imbani m'mawa iwo akangoweruka kutchalitchi, mwana asanatope. Muwapemphe amuimbire nyimbo za Khirisimasi za m'Chichewa. Mapemphero ambiri amaulutsidwa pa intaneti, mutha kutsatira muli pamphasa. Thupi likazizira, kutuluka pang'ono masana atavala jekete kukaona magetsi a m'misewu sikungamupweteke, mwinanso kungamutsegule m'maso.

Posangalalapo samalani tinthu ting'onoting'ono. Timabatire tozungulira ta m'zidole ndi m'makadi oimba aja ndi toopsa kwambiri mwana akameza, timawotcha kummero m'maola ochepa, ndiye mukangokayikira thamangirani ku A&E, mbali ya chipatala yolandira odwala mwadzidzidzi. Mphesa muzizidula m'litali, mtedza wathunthu ayi kwa wosakwana zaka zisanu.

Inunso ndinu munthu, achemwali. Gawanani usiku ndi bambo a ana, wina agone kaye wina adikire. Mwati muli ku Leicester. M'gulu muno muli amayi a kumeneko, ndipo ndikupempha mmodzi adzipereke kukasiya mbale ya chakudya pakhomo pa 25, ngakhale osalowa. Achibale a ku Manchester auzeni lero kuti mwina simubwera, musadikire m'mawa wa tsikulo, ndipo apempheni kuti mudzakumane pa Chaka Chatsopano ana akapeza bwino. Akachira, funsani kwa GP za katemera wa chimfine wopopera m'mphuno, amene ana a zaka ziwiri ndi zitatu amalandira mwaulere, ngati wamkuluyo sanalandire. Mutiuze mmene wakhandayo wagonera usiku uno, makamaka kapumidwe kake ndi matewera.