Nyama za ku Central America ndi ku Caribbean zimene ndikanapempha mu Planet Zoo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa owerenga, amene amasewera gemu yomanga malo osungirako nyama yotchedwa Planet Zoo. Iye analemba kuti wayamba kumanga chigawo cha Central America ndi zilumba za Caribbean, koma atangomaliza makola owerengeka nyama zoti aikemo zamuthera. Funso lake ndi lakuti, kukanakhala kuti kampani ya Frontier Developments, imene inapanga gemuyi, imatsatira zopempha zathu, ndi nyama ziti za kumeneko zimene ine ndikanapempha. Kumapeto anawonjezera kuti iyeyo mtima wake uli pa mbalame ya quetzal.

Achimwene, maderawa ndi awiri, ngakhale kuti pamapu amaoneka oyandikana. Mtunda wochokera ku Guatemala kukafika ku Panama ndi mlatho umene nyama za kumpoto ndi za kumwera kwa America zinkadutsirapo, ndipo mbali imeneyi gemuyi sinaimane kwenikweni. Itatuluka mu November 2019 inali kale ndi Baird's tapir, chinyama cha kachitamba kakafupi chimene anthu a ku Belize amachitcha ng'ombe ya m'phiri, ndipo mu 2020 anawonjezera jaguar, mphaka wamkulu wofanana ndi kambuku, ndi kachule ka maso ofiira. Kumene kuli njala ndi kuzilumba. Ku Cuba, ku Jamaica ndi ku Hispaniola (chilumba chimene pali mayiko a Haiti ndi Dominican Republic) kulibe amphaka aakulu kapena agwape achilengedwe, choncho amene akufuna chinyama chodzaza khola lalikulu amabwerako manja ali m'khosi. Komatu n'kumeneko kumene ine ndikanayambira.

Za quetzal ndinene mwachidule. Ndi yokongoladi, ndipo ndalama ya ku Guatemala imatchedwa dzina lake, koma ndi mbalame ya m'nkhalango za m'mapiri a nkhungu, yodya timapeyala tam'tchire, imene ngakhale malo enieni osungirako nyama amavutika kuisunga. Gemu imene inamangidwa poganizira nyama zoyenda, zokwera ndi zosambira ingangoikhazika pa nthambi ngati chidole.

Yoyamba pa pempho langa ndi ng'ona ya ku Cuba. Mwina munena kuti ng'ona zilipo kale zokwanira, koma iyi ndi ya mtundu wina. Ndi yaifupi poiyerekeza ndi ya mu Shire, ili ndi miyendo yamphamvu yoyendera pamtunda thupi lili m'mwamba, ndipo imatha kulumpha kuchokera m'madzi n'kukwatula nyama imene yakhala pa nthambi. Kwawo kwenikweni kumene kwatsala ndi dambo la Zapata, ndipo chimodzi mwa zimene zikuithetsa n'chodabwitsa: imakwerana ndi ng'ona ya ku America, moti mtundu wake ukusungunuka pang'onopang'ono. Mu gemu imene wosewera amayang'ana magazi a nyama asanaziphatikize kuti ziswane, nkhani imeneyi ingakhale ndi ntchito.

Nyama imene ng'onayo imakwatula pa nthambi nthawi zambiri ndi hutia, ndipo imeneyi ndi yachiwiri. Ganizirani za nchenzi yonenepa imene yaphunzira kukwera mitengo. Ya ku Cuba, yotchedwa Desmarest's hutia, imatha kupitirira makilogalamu 8, imayenda masana, ndipo imakonda kuothera dzuwa pamtengo, kutanthauza kuti alendo a mu gemu akaima pampanda adzaiona ndithu.

Pamene ndingachedwepo ndi pa abuluzi aakulu a m'miyala otchedwa iguana, chifukwa mbiri yawo ndi imene ingapatse chigawo chanu tanthauzo. Mu 1872 munthu wina wa minda ya nzimbe, W. B. Espeut, anabweretsa ku Jamaica nyenga 9 zochokera ku India kuti zidzadye makoswe. Nyengazo zinaswana n'kuyamba kudya mazira ndi ana a iguana wa pachilumbapo, kufikira pamene anthu anakhulupirira, kuyambira m'ma 1940, kuti mtunduwo watheratu. Mu 1990 galu wa mlenje wa nguluwe anagwira mmodzi m'nkhalango youma ya Hellshire Hills. Kuchokera pamenepo, ana akangoswa amatengedwa kupita ku Hope Zoo mumzinda wa Kingston, kumene amaleredwa mpaka atakula msinkhu woti nyenga singawathe, kenako n'kubwezedwa kutchire. Mnzake wa pachilumba cha Grand Cayman, iguana wobiriwira ngati thambo, anatsala osapitirira 25 kutchire pa kalembera wa mu 2002, koma pofika mu 2018 oweta anali atamasula wa nambala 1,000. Inu mukudziwa kuti mu Planet Zoo munthu akamasula nyama kutchire amalandira mapointi osamalira chilengedwe. Kuchita zimenezo ndi mkango n'kungosewera, koma kuchita ndi abuluziwa n'kubwereza ntchito imene ikuchitikadi. Chimene ndikanaumirira n'chakuti asawatsekere m'kabokosi kagalasi monga anachitira ndi Lesser Antillean iguana, amene ali kale mu gemuyi, koma awapatse bwalo la miyala ndi mchenga wokumbamo.

Pali ina imene ndikuisiya monyinyirika, solenodon wa ku Hispaniola ndi ku Cuba. Amaoneka ngati swiswiri wamkulu wa mphuno yaitali, ndipo malovu ake ali ndi ululu umene umatsikira m'timizere ta mano a m'munsi, chinthu chosowa kwambiri pakati pa nyama zoyamwitsa. Vuto n'lakuti amagona kuuna usana wonse. Ndinaona kale zimene zimachitika ndi nyama zamanyazi mu gemuyi: alendo amaunjikana pagalasi, nyama imapanikizika n'kukabisala kuseri kwa thanthwe, kenako madandaulo amayamba kutuluka akuti palibe chimene aona.

Podikira zonsezi, chigawo cha kumtunda mukhoza kuchimaliza lero potengera chitsanzo cha Belize Zoo, imene Sharon Matola anayambitsa mu 1983 ndipo imasunga nyama za m'dzikomo zokha. Ikani tapir pafupi ndi khomo, mum'patse dziwe lakuya ndi mitengo yothithikana, jaguar akhale kumapeto kwa njira. Malo a zilumba muwasiye opanda kanthu kutsidya la madzi, mlatho wokha mumangiretu.