Makina alipo, simenti ilipo, nanga mabuloko akunyenyekeranji?

Gulu la achinyamata lalemba kuti: "Agogo, boma likulimbikitsa njira zamakono zomangira nyumba. Latiphunzitsa, latibwereka makina opanira mabuloko a dothi losakaniza ndi simenti, ndipo simentiyo tikugula motchipirako. Koma mabuloko athu akunyenyeka m'makona, amisiri achikulire akutiseka, ndipo anzathu ena akuti tigulitseko matumba angapo tipeze ya m'thumba. Titani?"

Adzukulu anga, tiyambe ndi matumbawo. Musagulitse ngakhale limodzi. Simenti imene mukugula motchipayo idawerengedwa molingana ndi mabuloko amene mukuyenera kuumba, choncho thumba lililonse lotuluka pakhomo lachotsedwa m'khoma la munthu amene adzagone m'nyumbamo ndi ana ake. Komanso boma likaona kuti thandizo likuthera pamsika limatseka mpopi, ndipo olira amakhala a gulu lotsatira amene sadalakwe kanthu.

Makinawo musawanamizire. Si chinthu chadzulo: oyamba otchuka a mtunduwu, otchedwa CINVA-Ram, adapangidwa ku Bogotá m'dziko la Colombia m'zaka za m'ma 1950, ndipo amangira nyumba m'maiko ambiri. Buloko likamanyenyeka, vuto limakhala pa dothi, pa muyeso, pa madzi kapena pa changu chanu.

Dothi lapamwamba, lakuda lija lokhala ndi timizu ndi zinyalala zowola, ndi la kumunda; simenti siigwirana nalo. Lipaleni, mukumbe lapansi pake, mulisefe ndi sefa ya mabowo a mamilimita 5 kapena 6. Kenako liyeseni. Thirani dothi m'botolo loonekera mkati mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, dzazani madzi, onjezani kamchere pang'ono, khutchumulani kwambiri n'kuliika pansi. Mchenga ukhala pansi mphindi imodzi isanathe, dothi losalala litsatira, dongo lidikha pamwamba pake tsiku lotsatira. Mukufuna mchenga ukhale wopitirira theka, dongo likhale pakati pa magawo 10 ndi 20 pa 100. Dongo likachuluka buloko limachita ming'alu pouma, ndiye onjezani mchenga. Likachepa buloko limaphwasuka mukamalichotsa m'makina.

Simenti ikhale magawo 5 mpaka 8 pa 100, kutanthauza ndowa imodzi ya simenti pa ndowa 12 mpaka 19 za dothi, malinga ndi zimene adakuuzani okuphunzitsani atayesa dothi lanu. Yezani ndi ndowa imodzimodzi, yosefukira mofanana. Fosholo si muyeso, chifukwa ya m'mawa imadzaza, ya madzulo munthu atatopa imanyamula theka. Sakanizani zouma kaye mpaka mtundu ukhale umodzi, kenako muwaze madzi pang'onopang'ono. Finyani chibulumwa m'dzanja, muchigwetse kuchokera mita imodzi. Chikasweka zidutswa zinayi kapena zisanu ndiye bwino. Chikamwazika ngati fumbi madzi achepa. Chikaphwatalala osasweka achuluka. Ndipo sakanizani zokwanira kuumba mkati mwa ola limodzi lokha. Simenti ikangolawa madzi imayamba kugwira, ndiye mulu wosakanizidwa m'mawa n'kuumbidwa masana umatulutsa mabuloko ooneka bwino koma ofooka.

Koma pamene ambiri amagwera ndi apa. Mumatenga nzeru ya njerwa, yoyanika padzuwa, n'kuipititsa ku buloko la simenti. Simenti siilimba chifukwa chouma ayi, imalimba chifukwa chokhala ndi madzi. Buloko loyanikidwa padzuwa tsiku loyamba limauma kunja simenti isanamalize ntchito yake, ndipo makona, pokhala ndiwo amayamba kuuma, ndiwo amanyenyeka. Liikeni pamthunzi, lifunditseni pepala la pulasitiki, muziliwaza madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7, ndipo musalimangire mpaka litakwanitsa masiku 28. Mwini nyumba adzakukakamizani, inunso mudzafuna malipiro msanga, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanamange, tengani mabuloko angapo pamulu uliwonse muwaviike m'madzi tsiku lathunthu. Lofewa kapena losungunuka m'mbali likuuzani kuti mulu wonsewo ndi wokayikitsa. Ngati boma lili ndi malo oyesera mphamvu ya zomangira, pititsaniko zitsanzo ndipo pepala la zotsatira mulisunge, lidzakuyankhulirani pofuna ntchito zikuluzikulu.

Phindu lenileni la njira zamakono lili pa kusataya nthawi ndi zipangizo, ndipo limayambira pa chingwe. Mafelemu ndi mitengo ya denga yokhomeratu ku fakitale siikhululuka ngati khoma lapotoka. Pokhazikitsa ngodya yezani mamita 3 mbali ina, 4 mbali inayo, ndipo chingwe cholumikiza mapeto a miyeso iwiriyo chikwane mamita 5; mukatero yezani chopingasa kuchokera ngodya kufika ngodya mbali zonse ziwiri, miyeso ifanane. Kutalika kwa khoma ndi malo a mawindo muwerengere pa mabuloko athunthu ndi matheka, kuti musamaswe mabuloko tsiku lonse. Pamwamba pa maziko yalani pepala lotchinga chinyontho, pamwamba pa mawindo muzungulize lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo, ndipo denga litulukire kunja pafupifupi theka la mita kuti mvula isamamenye khoma.

Woyendera ntchito wa boma akabwera musamubisire mulu woipa, ndipo musamupatse kanthu kuti atseke maso. Akakana khoma, gumulani lisanakwere.

Amisiri achikulire aja musawayankhe mwamwano chifukwa choti inu muli ndi satifiketi. Makina sawadziwa, n'zoona, koma amadziwa malo amene madzi amadikha mvula ikagwa, amazindikira dothi lotupa limene limang'amba maziko, ndipo khoma lopendekeka amaliona ali chapatali. Pitani kwa mmodzi mwa iwo awiriawiri, mukam'pemphe mwaulemu adzaone pamene mukukumba maziko, ndipo mum'lipire tsiku lakelo. Mukam'patsenso buloko limodzi la masiku 28 limene lagona m'madzi usiku wonse, alikande ndi msomali yekha.