Nasdaq ya pa foni ija si Nasdaq ya ku New York ayi

Achimwene, mwafunsa zitatu pakamodzi: misika ikuluikulu ya masheya padziko ndi iti, futures ndi chani, komanso ngati mnzanu uja amati "ndikutreda Nasdaq" pa foni akunena zoona. Nditalikitsako, mupirire.

Pa msika wa masheya mumagula kachigawo ka kampani, ikapanga phindu amakugawirani dividendi, ikagwa mwagwa nayo limodzi. Zinayambira ku Amsterdam mu 1602, kampani ya ma Dutch yochita malonda ku East Indies itagulitsa masheya kwa anthu wamba. Lero madolo ali ku New York. NYSE ya pa Wall Street inayamba mu 1792 mabuloka (anthu ogulira ndi kugulitsira ena masheya) 24 atasainirana pansi pa mtengo, eti ngati pabwalo la anyakwawa, pomwe Nasdaq inabwera mu 1971 ili kale ya makompyuta, ndipo ndi komwe kuli Apple, Microsoft, Amazon ndi Nvidia. Ndiye pali London, Tokyo, Shanghai, Shenzhen, Hong Kong, Mumbai, Euronext. Kuno ku Africa wamkulu ndi JSE ya ku Joni, ya 1887 nthawi yomwe anthu ankathamangira golide. Wathu wa ku Blantyre, Malawi Stock Exchange, ndi khanda, kampani yoyamba kulowa inali NICO mu 1996. Ndipo amene amakuuzani kuti masheya amangokwera muwauze za Tokyo: Nikkei, nambala yoyezera mitengo ya masheya a kumeneko, inafika pamwamba mu December 1989, inagwa, ndipo inadzapyola pomwepo mu February 2024. Zaka 34 munthu ukungodikira ndalama yako ibwerere pomwe inali.

Futures ndi nkhani ina ndipo kwa ine ndi imene imatikhudza kwambiri ngakhale sitiitchula. Mukudziwa venda uja amabwera m'mudzi mu February chimanga chili m'munda nkunena kuti tigwirizaniretu mtengo, ndidzatenga mukakolola? Nzeru yake ndi yomweyo, kungoti pa msika wa futures kuchuluka kwa katundu, mtundu wake, mwezi ndi malo okaperekera zonse zinalembedwa kale, inu mumangolimbirana mtengo basi. Pakati pamakhala bungwe loimira mbali zonse kuti wina asathawe, ndipo aliyense amasiya chikole, amati margin. Tsiku lililonse amawerengera, mtengo ukapita kokutsutsani amadula pa chikole chanucho, chikachepa amakuuzani muwonjezere lero lomwe apo ayi akutsekerani. Apa ndi pamene anthu amapsa, chifukwa ndi kandalama kochepa mumagwira katundu wambiri zedi.

Anayamba ndi a ku Japan, msika wa mpunga wa Dojima ku Osaka, boma linawuvomereza mu 1730. Koma likulu lake lero ndi Chicago. Chicago Board of Trade ya 1848 inali ya chimanga ndi tirigu, Chicago Mercantile Exchange (CME) inayamba mu 1898 ngati msika wa batala ndi mazira, musaseke, ndipo ziwirizi zinaphatikizana mu 2007. Kontrakiti imodzi ya chimanga kumeneko ndi pafupifupi matani 127, matumba a 50kg opitirira 2,500. Ku Joni kuli SAFEX, msika wawo wa futures womwe JSE inagula mu 2001, komwe amagulitsa chimanga choyera chomwechi timadyera nsima, kontrakiti imodzi matani 100, matumba 2,000. Chaka cha njala amalonda akuluakulu a chigawo chino amayang'ana mtengo wa SAFEX asanatchule wawo. Abale athu a ku Zambia iwo diso lili pa London Metal Exchange ya 1877, chifukwa kopa akatsika kumeneko kwacha yawo imamva kuwawa. Mafuta osayenga otchedwa Brent ndi shuga zili pa msika wina wa futures, Intercontinental Exchange (ICE).

Nkhani imene imandisangalatsa ndi ya pa 20 April 2020, nthawi ya Covid. Mafuta osayenga a ku America otchedwa WTI anatsika mpaka kupyola ziro, kufika -37.63 dollars pa mgolo. Anthu anali atagula makontrakiti osafuna mafutawo, ankangofuna kudzagulitsa mtengo ukakwera, ndiye tsiku lotsekera layandikira, matanki a ku Cushing, Oklahoma atatsala pang'ono kudzadza, magalimoto ndi ndege zili pa lockdown, kokasunga kulibe, mpaka anayamba kulipira munthu kuti chonde tenga katunduyu. Zili ngati mwagula matumba 2,000 a chimanga lole yafika pageti inu mukukhala lendi ya chipinda chimodzi ku Ndirande.

Tsopano mnzanu uja. Futures yeniyeni ya Nasdaq 100 (nambala yoyezera mitengo ya masheya a makampani akuluakulu 100 a pa Nasdaq) imagulitsidwa ku CME ku Chicago, osati ku New York. Zomwe achinyamata ambiri ali nazo pa foni, zolembedwa NAS100 kapena US30, nthawi zambiri ndi CFD, kutanthauza kuti wabetcherana ndi buloka wakeyo kuti nambala ikwera kapena itsika. Alibe sheya ya Apple ngakhale imodzi. Bungwe loyang'anira misika ku Europe, ESMA, linapeza mu 2018 kuti pa maakaunti 100 a anthu wamba a CFD, pakati pa 74 ndi 89 amaluza, nchifukwa chake mabuloka a kumeneko amakakamizidwa kulemba chenjezo limenelo pa tsamba lawo. Ma screenshot a phindu amaika pa status ndi a tsiku labwino, a tsiku loipa simudzawaona. Ndipo mukaona akutanganidwa cha m'ma 3:30 kapena 4:30 madzulo, ndi nthawi yomwe New York imatsegula kuwerengera kwathu kuno, imasintha malinga ndi nyengo yawo.

Ngati mukufuna masheya enieni a dzina lanu yambirani pompano, pitani kwa buloka wovomerezeka ndi Reserve Bank ndi chitupa chanu cha unzika, akutsegulireni akaunti, mugule kaya Airtel, Illovo, National Bank, mwaona nokha. Mnzanuyo mungomufunsa kuti buloka wake analembetsa dziko liti, komanso pa ndalama zonse anaikamo chiyambire watapako zingati zomwe zinafikadi m'manja.