Asidi wamphamvu ndi wofooka: yankho kwa mayi a ku Mufakose

Mayi ena a ku Mufakose, mumzinda wa Harare, alemba kuti mwana wawo wa Fomu 4, amene akukonzekera mayeso a ZIMSEC (bungwe loyendetsa mayeso ku Zimbabwe), analemba kuti asidi amakhala wamphamvu akachuluka m'madzi, ndipo aphunzitsi anamuthetha. Akufunsa ngati mwanayo sanalakwiridwe.

Mayi, aphunzitsi anachonga bwino, ndipo ana ambiri amagwa pomwepa. Kuchuluka kwa asidi m'madzi ndi nkhani ina. Mphamvu yake imaoneka pa zimene amachita akalowa m'madzimo. Asidi wa hydrochloric kapena wa nitric akangolowa, mamolekyulu ake onse amagawikana n'kutulutsa ma ion (tizigawo tokhala ndi mphamvu ya magetsi) a hydrogen. Ethanoic, amene ali mu viniga, amaumira: pa muyeso wa 0.1 mol/dm³ (muyeso wa kuchuluka kwa asidi m'madzi), mwa mamolekyulu 100 aliwonse ndi pafupifupi imodzi yokha imene imagawikana. N'chifukwa chake pa muyeso womwewo hydrochloric amaonetsa pH 1, pamene ethanoic amafika cha pa 3 (pH ikachepa, ndiye kuti ma ion a hydrogen ndi ochuluka). Hydrochloric ngakhale mumuthire madzi ndowa yonse, wangosukuluka, koma adakali m'gulu la amphamvu.

Ma base, amene amathetsa mphamvu ya asidi, nawonso ndi chimodzimodzi. Sodium hydroxide, soda uja amapangira sopo, amagawikana yense. Ammonia amatulutsa ma ion a hydroxide ochepa chabe. Komatu wofooka sikuti ndi wosaopsa ayi. Ammonia wosasukulula amawononga maso, ndipo mwana asayerekeze kulawa kanthu m'labu.

Chimene ndikufunitsitsa n'chakuti mwanayo aone ndi maso ake. Apemphe aphunzitsi aponye kachidutswa ka magnesium m'ma asidi awiriwo, a muyeso wofanana komanso mamililita ofanana. Mu hydrochloric thovu limatumphuka msangamsanga, mu ethanoic limabwera pang'onopang'ono. Koma magnesium akakhala wokwanira, mpweya wa hydrogen wotuluka pomaliza umafanana, chifukwa ethanoic amapitiriza kugawikana mpaka atha. Akamvetsa apa, mafunso a titration (kuyeza kuchuluka kwa asidi pomuthira base pang'onopang'ono) samuvutanso.

Ngati chemistry amaikonda, musamugwetse ulesi ndi funso limodzi lolakwa. Amene amayeza pH ya madzi ku Morton Jaffray, malo oyeretsera madzi a mzinda wa Harare, kapena kugwira ntchito ndi asidi wa sulphuric popanga feteleza ku ZimPhos ku Msasa, anayambira pa mutu womwewu. Usiku uno mumufunse akufotokozereni m'mawu akeake chifukwa chake viniga ndi wofooka.