Yambani ndi mithunzi, anthu abwere pomaliza

Achimwene, mwati chithunzi chanu cha m'tauni ya Mangochi, chojambula ndi penti wa mafuta, chikuoneka ngati matope. Kuti chisiye kutero, musayambe ndi kujambula anthu. Yambani ndi zigawo zikuluzikulu: thambo, mashopu, msewu ndi mithunzi. Zipakeni ndi bulashi yaikulu, pogwiritsa ntchito penti wa bulauni woderako wotchedwa burnt umber, wosungunula kwambiri ndi turpentine (mankhwala osungunulira penti wa mafuta), kenako mudikire mpaka mawa kuti ziume.

Lembani mzere wopingasa pa msinkhu wa maso anu. Pamalo athyathyathya, ngati mwaimirira, mitu ya anthu apafupi ndi akutali omwe imagwera cha pamzere umenewu. Mapazi ndi amene amatsika kapena kukwera. Akabaza ndi amayi osenza madengu akutali safuna nkhope, kungodontheza penti kawiri kapena katatu kwakwana. Sankhani malo amodzi oti maso akafikirepo, monga nsanja ya wotchi ya Queen Victoria yomwe ili pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, ndipo kuwala kwambiri ndi mdima wambiri zikumane pamenepo.

Matopewo amabwera mukasakaniza mitundu yoposa itatu, kapena mukamabwerezabwereza bulashi pa penti wosauma. Penti wopaka pamwamba azikhala ndi mafuta a linseed (mafuta osakanizira penti) ochulukirapo kuposa wapansi pake, apo ayi adzang'aluka. Fumbi la mu Okutobala limamatirira, choncho chithunzi chiziumira m'nyumba chitayang'ana kukhoma. Vanishi adikire miyezi 6.

Tsegulani mawindo, ndipo nsanza za mafuta muziziviika m'madzi chifukwa zimatha kuyaka zokha. Turpentine akakupatsani chizungulire, befu kapena zidzolo, siyani kaye mukaonane ndi dokotala.